Kusankha mitanda ya khola la mbuzi la m'mwamba

Khola la m'mwamba limalimba ngati mitanda ya pansi pake ili yoyenera. Mtanda ukathyoka usiku, mbuzi zimathyoka miyendo ndipo zabere zimatha kutaya ana. Ngati muli ndi mbuzi 10 zolemera makilogalamu 30 iliyonse, mitanda ikusenza makilogalamu 300. Kumbukirani kuti mbuzi zimakonda kuunjikana malo amodzi.

1. Mpata wa pakati pa nsanamira
Mtanda umavutika kwambiri pakati, pomwe palibe chouchirikiza. Ngati nsanamira zatalikirana mamita 3, dzalani ina pakati kuti mpata ukhale mita 1.5. Mukatero, mphamvu yofuna kuthyola mtandawo imachepa kanayi, ndipo kupindika kumachepa koposa pamenepo. Nthawi zambiri nsanamira imodzi imatchipa kusiyana ndi kugula mtanda waukulu.

2. Kakhazikidwe ka thabwa
Thabwa la masentimita 5 kwa 15 musaligoneke. Liimikeni cham'mbali, mbali ya masentimita 15 ikhale yoimirira. Thabwa lomwelo likaimikidwa chotere limasenza katundu wochuluka katatu, ndipo pa katundu yemweyo kupindika kwake kumachepa ka 9.

3. Kunenepa kwa mtengo
Ngati mukugwiritsa ntchito mitengo yozungulira monga bulugama, yezani kunenepa kwake kunsonga, osati kutsinde. Mtengo wa masentimita 10 umasenza katundu pafupifupi kawiri kuposa wa masentimita 8.

4. Zoyenera kupewa
Mtanda ukapindika, mbali ya pansi ndi yomwe imakokeka, ndipo kuthyoka kumayambira kumeneko. Choncho musaseme kapena kucheka mbali ya pansi, ndipo mfundo zazikulu ziyang'ane kumwamba. Pewani mitengo yaiwisi, yong'aluka, yofumbwa komanso yodyedwa ndi chiswe.

Kuyeza khola lanu
Mbuzi zili m'khola, kokani chingwe kuchokera pa nsanamira ina kufika pa inzake motsata mtanda. Pa mpata wa mamita 3, mtanda usatsike kupitirira sentimita imodzi pakati. Ukapitirira, onjezerani nsanamira msanga.

Zochita pagulu
Ikani kathabwa kopyapyala pa njerwa ziwiri n'kusanjika njerwa zina pakati pake. Kenaka sendezani njerwa zapansizo kuti ziyandikane, muyesenso. Mwaona kusiyana kotani? Kambiranani zomwe musinthe pa makola anu mvula isanayambe.