Anapanga Ilala Ndani?

Ife a ku Nkhotakota tinakula tikumva kulira kwa Ilala, koma ndi owerengeka amene amadziwa mmisiri wake. Ine ndafufuza, ndipo nayi mbiri yake mwachidule.

Kampani yake inali Yarrow. Anaiyambitsa ndi a Alfred Yarrow m'chaka cha 1865 ku Poplar, mu mzinda wa London, ndipo poyamba inkapanga timaboti toyendera nthunzi. Luso lake lina linali lopanga sitima yotheka kuiphwasula, kuinyamula zidutswazidutswa, n'kukailumikiza kwina. Nyanja yathu inkafuna luso lomwelo, poti mathithi a Shire salola chombo kukwera kuchokera kunyanja yamchere.

Ilala yoyamba inapangidwa mu 1875, ya amishoni a Livingstonia. Itafika pa mathithi anaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana anasenza zitsulozo pamutu mpaka kumtunda. Mabuku amatchula E. D. Young ndi Dr Robert Laws. Osenza aja sawatchula maina, ndipo ine ndimaona kuti apa pali kukondera. Sitimayo inalowa m'nyanja mu Okotobala chaka chomwecho, masiku amene zombo za matanga za a Jumbe zinkaolotsabe akapolo kuchokera kwathu kuno. Dzina lake analitenga ku dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873.

Kuyambira 1906 kampaniyo inasamukira ku Scotstoun, ku Glasgow, pothawa kukwera mtengo kwa ntchito ku London. Kumeneko ndi kumene inapanga Ilala yachiwiri mu 1949, patangopita zaka zitatu chimirireni Vipya, ngozi imene inapha anthu oposa 140. Iyinso inabwera zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira, ndipo inayamba ulendo wake mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita 52.

Nanga Yarrow inathera kuti? Ntchito yake yaikulu inali sitima zankhondo. Boma la Britain linailanda mu 1977, mu 1985 linaigulitsa kwa GEC, ndipo mu 1999 inamezedwa ndi BAE Systems, dzina n'kuzimirira.

Choncho sitima yakalambayi ilibenso mwini luso woti n'kumudandaulira. Ikaima kuti ikonzedwe, monga zinachitikira mu 2012, anzathu a ku Likoma ndi Chizumulu amaoloka pa maboti amatabwa, ngakhale mwera utakalipa.