Amakaniko a ku Likoma ndi ulendo wa sipeya

Galimoto ikayamba kulira kuti khekhekhe pokhota, makamaka ikamanyamuka chiwongolero chitapindidwa mpaka kumapeto, makaniko aliyense amadziwa kuti CV joint yatha. Kwa munthu wa ku Lilongwe limeneli ndi vuto la tsiku limodzi. M'mawa apita kwa Biwi, agula chitsulocho, pofika madzulo galimoto ili pamsewu. Ku Likoma ntchito yomweyo imatha sabata kapena kuposerapo, ndipo imadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ena oti galimotoyo sadzaiona n'komwe.

Likoma ndi chilumba cha masikweya kilomita pafupifupi 18, chozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, moyang'anizana ndi Cobue. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 14,527 m'boma lonse, kuphatikizapo a ku Chizumulu. Ambiri amayenda wapansi kapena pa njinga zamoto. Galimoto zilipo zowerengeka: za maofesi a boma, ambulansi, za mpingo, za malo ogona alendo, ndi za amalonda onyamula katundu wotsika m'sitima. Poti n'zochepa komanso n'zosiyana mitundu, wamalonda amene angaunjike masipeya a galimoto iliyonse akhoza kumangirira mpamba wake pashelefu kwa zaka. Choncho chitsulo chikafa, cholowa m'malo mwake chiyenera kuwoloka nyanja.

Ntchito ya CV joint ndi kupereka mphamvu yochokera kugiyabokosi kuti ifike kutayala, ngakhale tayalalo likukhota kapena kudumpha m'mabampu. Ya kunja, yoyandikana ndi tayala, nthawi zambiri imakhala ndi timipira tachitsulo 6 toyenda m'timisewu tosemedwa bwino, kapangidwe kamene adatulukira Alfred Rzeppa, injiniya wa kampani ya Ford, cha m'ma 1920. Zonsezi zimasambira mu girizi wakuda, zitakutidwa ndi labala amene amakaniko amamutcha buti. Imfa ya jointi imayambira pa buti ameneyu. Akang'ambika, girizi amamwazika, mchenga n'kulowa, ndipo mchenga wosakanizika ndi girizi umapala chitsulo mpaka timipira tiyambe kugwedera. Misewu ya ku Likoma, ya miyala ndi mchenga, imafulumizitsa zimenezi kwambiri. Phokoso likamveka ndiye kuti chitsulo chadyeka kale.

Apa mpamene luso la makaniko wa pachilumba limasiyana ndi la mnzake wa m'tauni. Wa m'tauni amamasula jointi yakufayo, kuikulunga m'pepala, n'kupita nayo kusitolo kukaifananiza ndi yatsopano. Ikapanda kulowa amabwerera tsiku lomwelo. Wa ku Likoma alibe mwayi umenewo, ndiye ayenera kukhoza ulendo woyamba. Amatsuka jointiyo, n'kukhala pansi kuwerenga mano: a kunja, olowa muhabu, ndi a m'kati, olumana ndi shafiti. Amayeza kukula kwa malo okhala silo. Ngati galimotoyo ili ndi mabuleki a ABS, amawerenganso mano a kamphete kake. Kunena chabe kuti ndi ya Corolla kapena ya Hilux sikukwanira, pakuti galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka, injini ndi giyabokosi. Dzino limodzi likasiyana, jointi silowa. N'chifukwa chake amakopera nambala ya chasisi, kujambula zithunzi, n'kutumiza zonse pa WhatsApp. Wogulitsa wodziwa ntchito naye salandira ndalama asanafunse kuti, "Abwana, mano ndi angati?"

Ogulitsawo ali magulu awiri. Alipo a masitolo a masipeya atsopano, ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Limbe, amene katundu wawo amachokera ku Dar es Salaam, ku Dubai, ku South Africa kapena ku China. Alipo ena ophwasula galimoto zochita ngozi ndi zakufa, monga a ku Ndirande ndi kwa Biwi, komanso oitanitsa zitsulo zogwirapo kale ntchito ku Japan. Popeza galimoto zambiri m'dziko muno ndi zakale zochokera ku Japan, zolowera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, amakaniko ambiri amakonda shafiti yathunthu yochotsedwa pagalimoto yotere kusiyana ndi jointi yatsopano yotsika mtengo. Amati chitsulo chake n'cholimba. Bokosi lowala lokhala ndi dzina la kampani yodziwika silitsimikiza kanthu; chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Komabe yakale nayo ili ndi mbuna zake: wogula ali kutsidya la nyanja, sangaigwedeze ndi manja ake kuti amve ngati yayamba kusewera.

Ndiye pamafunika munthu wachitatu, maso a makaniko kumtunda. Nthawi zina ndi mnzake amene adaphunzira naye ntchito, nthawi zina ndi m'bale wa mwini galimoto, nthawi zina ndi dobadoba wodziwa ngodya zonse za msika, amene amadyapo kangachepe pamwamba pa mtengo. Ndalama zimapita pa Airtel Money kapena TNM Mpamba katundu asanaoneke, kotero malonda onsewa amayenda pa chikhulupiriro. Wogulitsa amene adatumizapo chinthu cholakwika n'kukana kusintha, dzina lake limamveka msanga pachilumba pomwe eni galimoto onse amadziwana. Mitengo nayo sikhazikika. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chitsulo chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chidakwera nawo. Mtengo wouzidwa lero suyembekeza mwini galimoto kuti asonkhanitse ndalama mwezi wathunthu.

Jointi ikagulidwa ku Mzuzu, imakwera minibasi kutsika makilomita pafupifupi 50 kupita ku Nkhata Bay, m'manja mwa kondakitala kapena wapaulendo wodziwika. Kumeneko imadikira chombo. Sitima ya Ilala imaima pa Likoma kawiri pa sabata, popita kumpoto ndi pobwerera ku Monkey Bay, ndipo katundu wochokera ku Nkhata Bay amakwera ulendo wobwererawo. Akaiphonya, ndiye kudikira sabata ina kapena kudalira maboti ena oyenda njira yomweyo, amenenso amaima mwera ukakula m'miyezi yozizira. Wonyamula phukusilo amakhala mayi wa geni ya usipa, mphunzitsi wobwerera kuntchito, kapena mwana wa sukulu. Palibe chikalata chimene amasainirana. Amangouzidwa pafoni kuti, "Amayi, mukatipatsireko amisiri kaphukusi aka," n'kulandira ya fanta.

Kudikira zitsulo zowoloka nyanja si kwachilendo kuno. Amishoni a UMCA, amene adakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880 n'kuyamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter mu 1903, ankadalira sitima zawo, Charles Janson ndi Chauncy Maples, zomwe zidabwera m'zidutswa kuchokera ku Britain n'kudzalumikizidwa m'dziko muno. Ilala nayo idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera m'zidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951.

Podikirapo, mwini galimoto amapanikiza, poti galimoto yoima sidyetsa ana. Amisiri ena amatsuka jointi yakaleyo, kuithira girizi watsopano, n'kuimanga ndi chubu kuti iyendeko masiku angapo. Ena amaitengera kwa wowotcherera kuti adzaze timisewu todyekato n'kupala. Izi sizikhalitsa, chifukwa chitsulo cha jointi chidaumitsidwa mwapadera kufakitale, ndipo moto wa wowotcherera umachifooketsa. Jointi ikathyoka, galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo imangolira injini osasuntha, ngakhale itanyamula wodwala. Land Cruiser kapena Hilux ili ndi mwayi pang'ono, pakuti imatha kukoka ndi matayala akumbuyo okha.

Makaniko wa pachilumba sangadye za galimoto zokha. Lero ali pa injini ya boti la asodzi, mawa pa njinga yamoto, mkuja pa jenereta kapena chigayo. Ambiri adaphunzira pogwirira mmisiri wamkulu sipanala, ena adadutsa m'sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa mu 1999. Mwa onsewa, amene eni galimoto amamusunga ndi uja amene galimoto ikabwera kudzasintha oilo amagwada n'kusuzumira buti, ngakhale sanauzidwe. Buti, girizi ndi zomangira zake n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi jointi, sizilemera, ndipo sizivuta kusunga. Mwini galimoto wa ku Likoma amene amaitanitsiratu mabuti awiri oyenera galimoto yake, n'kulembetsa m'kope mano a jointi zake tsiku limene zamasulidwa, wadula theka la ulendo wonsewu vuto lisanafike.