Ukwati, Ana ndi Bizinesi ya Limodzi: Kodi Msonkho Umatsata Ndani?

Mafunso atatu amamveka kawirikawiri pakati pa anthu a pantchito ndi amalonda m'mawodi athu. Kodi munthu akalowa m'banja msonkho wake umatsika? Kodi amene akulera ana ake komanso ana amasiye a mchemwali wake amadulidwa mofanana ndi munthu wosakwatira? Nanga anthu awiri akasonkherana mpamba, wolipira msonkho ndani? Mayankho onse agona pa mfundo imodzi: msonkho wa pa ndalama zopeza umatsata munthu amene wapeza ndalamazo, osati kukula kwa khomo limene zikudyetsa.

Msonkho umenewu umatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA mwachidule, lomwe linayamba ntchito mu 2000. Ndi wosiyana ndi tikiti ya pamsika kapena laisensi ya bizinesi zimene khonsolo imatolera. Kulipira kukhonsolo sikuchotsa udindo wa ku MRA.

Malipiro a mwamuna ndi a mkazi

Lamulo la ukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali ngati banja. Koma palibe mtundu wa ukwati umene umasintha msonkho wa pa malipiro, wodziwika ndi dzina loti PAYE. Bwana amadula msonkhowu mwezi ndi mwezi poyang'ana malipiro a wantchito wake yekha, ndipo amaupereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mtchatho sufunsidwa.

Izi zikutanthauza kuti aliyense m'banja ali ndi gawo lake la malipiro losadulidwa msonkho. Mu Epulo 2024 boma linakweza gawoli kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi, ndipo ndalama zopitirira pamenepo mpaka K500,000 zinkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Potengera mlingo umenewo, khomo limene bambo yekha ankalandira K400,000 linkalipira K62,500 pamwezi. Khomo lina limene bambo ndi mayi ankalandira K200,000 aliyense linkalipira K12,500 munthu mmodzi, pamodzi K25,000. Ndalama zolowa m'makomo awiriwa ndi zofanana, koma msonkho ukusiyana ndi K37,500. Chifukwa chake nchakuti gawo losadulidwa silisamutsidwa: mayi akakhala kuti sali pantchito, gawo lawo silingapatsidwe kwa bambo. Milingoyi imasinthidwa ndi Nyumba ya Malamulo pokambirana bajeti, choncho wantchito aziyang'ana pepala lake la malipiro nthawi iliyonse bajeti ikadutsa.

Ana ndi abale odalira

Pano mpamene ambiri amakhumudwa. Malamulo a msonkho m'dziko muno sapereka kuchotsera kulikonse chifukwa cha ana, makolo okalamba kapena abale amene munthu akuwasunga. Fizi, mankhwala, chakudya, feteleza wotumiza kumudzi ndi ndalama za maliro zimawerengedwa ngati zofuna za pakhomo, ndipo zimachokera pa zimene zatsala msonkho utadulidwa. Mphunzitsi wa ana asanu ndi mnzake wopanda mwana, ngati malipiro awo ali ofanana, msonkho wawonso ndi wofanana.

Amalonda asamale kwambiri pa mfundoyi. Powerengera phindu, lamulo limalola kuchotsa ndalama zokhazo zimene zagwiritsidwa ntchito poyendetsa bizinesi, monga kuoda katundu, lendi ya shopu ndi mayendedwe a katunduyo. Fizi ya mwana yotengedwa m'kabati ya golosale si ndalama yoyendetsera golosaleyo. Koma mphwake wa mwini shopu akamagulitsa tsiku ndi tsiku nkumalandira malipiro enieni, malipirowo amachotsedwa ngati a wantchito wina aliyense, bola alembedwe m'buku. Akapitirira gawo losadulidwa lija, mwini shopu ali ndi udindo wodula PAYE ngakhale wantchitoyo ndi mbale wake.

Osonkherana mpamba

Anthu awiri kapena kuposerapo akamayendetsa bizinesi limodzi popanda kuilembetsa ngati kampani, bizinesiyo payokha silipira msonkho wa pa phindu. Eni ake amapereka fomu imodzi yosonyeza zimene bizinesi yapeza ndi mmene agawanira, kenako aliyense amalipira msonkho pa gawo lake. Mwachitsanzo, abale awiri amene chigayo chawo chapindula K6,000,000 pachaka, nagwirizana kugawana pakati ndi pakati, aliyense amawerengeredwa K3,000,000. Ngati mmodzi wa iwo alinso pantchito, gawo lakelo limaphatikizidwa ndi malipiro ake, ndipo msonkho wake ungathe kuposa wa mnzake.

Nchifukwa chake mgwirizano wa pakamwa ndi woopsa. Pepala losainidwa, lofotokoza amene anaika mpamba, kuchuluka kwake ndi kagawidwe ka phindu, limateteza onse pamaso pa MRA komanso tsiku limene ubale wasokonekera. Mwamuna ndi mkazi amene akuyendetsa bizinesi limodzi, kapena amene ali ndi nyumba ya lendi, apite onse awiri ku ofesi ya MRA akafotokoze mmene chuma chawo chilili asanalembe fomu, chifukwa lendi nayo imakhometsedwa msonkho ndipo iyenera kuoneka pa dzina loyenera.

Banja likatha kapena wina akamwalira

Ngongole ya msonkho siithera kumanda. Amene wasankhidwa kuyendetsa chuma cha masiye ayenera kuthana ndi msonkho wa malemu chumacho chisanagawidwe. Amayi amasiye ambiri amavutika panthawi yotere chifukwa sankadziwa kumene mapepala a bizinesi ankasungidwa, kapena chifukwa shopu imene anaivutikira zaka zambiri inalembetsedwa m'dzina la bambo okha. Chimodzimodzinso ukwati ukatha: zolembedwa ndi zimene zimasonyeza mwini wa chiyani.

Zoyenera kuchita

Aliyense amene akuchita bizinesi kapena kulandira lendi akhale ndi nambala yakeyake ya wokhoma msonkho, yomwe imaperekedwa ndi MRA kwaulere. Fomu ya pachaka imayenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha msonkho chitatha, ndipo kuchedwa kumabweretsa chindapusa. Ndalama za pakhomo zisasakanikirane ndi za bizinesi, malisiti asungidwe, ndipo mwamuna ndi mkazi onse adziwe pamene pali mapepala. Mafunso okhudza tikiti ya pamsika ndi laisensi apite ku ofesi ya zachuma ya khonsolo, pomwe okhudza PAYE, phindu ndi lendi apite ku ofesi ya MRA yapafupi.