Chikoti cha $525,000 na kobili ya ambuya: bagula chani maka-maka ku okshoni?

Mu July 2025, ku America, muntu wina anachosa $525,000 kugula chikoti chimozi. Belengani futi namba iyo. Ni ndalama yomangila nyumba ku Ibex Hill, nakusala chenji ya motoka.

Chikoti ichi ni chamene Harrison Ford anagwila mu filimu ya Indiana Jones and the Last Crusade ya mu 1989. Pamene filimu inaonesedwa ku London, Ford anachipasa Prince Charles, uyu wamene manje ni mfumu ya Britain. Chinapita m'manja mwa Princess Diana, ndipo Diana anachipasa muntu wina wamene anachisunga zaka zambili mpaka kampani ya Heritage Auctions inachigulisa. Chikumba chake ni chikumba chabe monga cha lamba wanu. Chamene bantu benze kulimbilana ni maina yatatu aya, na umboni wakuti nkhani yake ni ya zoona.

Ine nchito yanga ni ya mafilimu na nyimbo, ndiye chifukwa chake ninaisatila nkhani iyi. Koma pofufuza ninapeza kuti ku Britain kuli bantu bamene basonkhanisa vikoti vakale vokwelela mahachi monga mwamene bena basonkhanisila majezi ya Arsenal.

Vikoti ivi vili mitundu-mitundu. Chilipo cha bantu bosaka nkhandwe bali pa hachi: chogwilila chake ni nyanga yopindika monga ndobo, kuti wokwela asegule geti ya pa famu osaseluka, ndipo kumapeto kuli nthambo yaitali ya chikumba yopitikisila agalu kuti basapondedwe na hachi. Chilipo china choonda, cha bazimai bamene benze kukwela hachi miyendo yonse mbali imozi. Vambili vili na kamphete ka siliva pa khosi, ndipo kamphete aka ndiye NRC ya chikoti. Ku Britain siliva imadindiwa tuzizindikilo tung'ono: mkango woyenda utanthauza kuti ni siliva yeni-yeni, nangula ni Birmingham, mutu wa kambuku ni London, ndipo kalemba kamozi kamakuuzani chaka. Ngati paoneka futi zina la Swaine & Adeney, bamene benze na shopu pa Piccadilly ku London nakupangila vikoti banja la chifumu, mtengo umakwela. Olo n'telo, vambili vimapita pa mapaundi makumi kapena mahandiledi yang'ono chabe. Ndipo chikoti chokhala na mnyanga wa njovu chili na milandu: Britain inaletsa malonda ya minyanga mu June 2022, kusiyako vintu ving'ono vamene lamulo ivomeleza, ndipo mu 2025 banaonjezako meno ya mvuu.

Nikambeko zanga pang'ono. Kwa mzungu wa ku Britain chikoti ni chikumbuso cha agogo bake pa hachi. Kuno kwathu liu lakuti chikoti sitimaganizila hachi iyai. Timaganizila chikumba cha mvuu pa msana wa muntu. Ku Congo ya mfumu Leopold II bantu banakwapulidwa nacho mpaka bena kufa, ndipo ku South Africa bakapokola banaleka kusebenzesa sjambok mu 1989 chabe. Sinione Mzambia wamene angachikoloweke mu sitting room kuti balendo bazichitamanda.

Nkhani ya makoini ndiye yamene itikhuza ngako, chifukwa nyumba zambili mu komboni zili na kachitini ka ambuya kozula ndalama zakudala.

Tiyambe na koini yamene inasokoneza mitu ya bantu. Pa 15 March mu chaka cha 44 Yesu akalibe kubadwa, Julius Caesar anaphedwa na mipeni ku Rome, ndipo mmozi wa bamene banamulasa anali Brutus. Patapita zaka zibili, Brutus anapangisa ndalama: mbali imozi mutu wake, mbali ina mipeni ibili, kasote kamene kapolo anali kuvala akamasulidwa, na mau yakuti EID MAR, kutanthauza siku ija ya pakati pa March. Kunali kuzitama kuti ndine ninachita. Za siliva zilipo zingapo, koma za golide zoziwika ni zitatu chabe.

Imozi ya golide inagulisidwa ku London mu October 2020 na kampani ya Roma Numismatics. Nyundo inagwa pa mapaundi 2.7 miliyoni, koma wogula analipila 3.24 miliyoni. Apa mpamene muyenela kumvesesa mwamene okshoni imasebenzela: pamwamba pa mtengo wa nyundo, wogula amaikapo ndalama ya kampani, apa inali 20 peresenti. Wogulisa nayeve kambili bamamujubako yake. So namba yamene mumaona pa foni si yamene mwine wa chintu amapita nayo ku nyumba.

Manje mvelani kwamene inathela. Mapepa yoonesa kwamene koini inachokela yanapezeka kuti ni yabodza. Mu January 2023 mukulu wa kampani ija, Richard Beale, anagwiliwa ku New York, pambuyo pake anavomela mulandu, ndipo koini inabwezedwa ku Greece kwamene inachosedwa kopanda chilolezo. Golide inali yeni-yeni, zaka 2,000 zinali zeni-zeni, koma pepa itagwa, wogula anasala chimanja-manja. Inzake ya golide, yamene ili na chiboo ndipo inakhalako pa chionetselo ku British Museum, inagulisidwa bwino-bwino ku Zurich mu 2022 pa ndalama yopitilila 2 miliyoni ya ma Swiss franc. Mbili yake inali yoziwika.

Musaganize kuti koini iliyonse ya ku Rome ni chuma. Mu 2010, mwamuna wina wosakila na makina yomvela nsimbi pansi anapeza m'phika waukulu pafupi na tauni ya Frome ku England. Munali makoini 52,503 ya nthawi ya Aroma. Bakaswili banaika mtengo wa mapaundi 320,250 pa yonse. Chitani samu: ni mapaundi 6 pa koini imozi. Chintu cha zaka 1,700, mtengo wake monga lunch ya bantu babili mu tauni. Aroma banapanga makoini mamiliyoni, ndipo chamene chili mbwee sichidula olo chikote bwanji.

Apa ndiye tifika pa kachitini ka ambuya. Muli peni ya chiboo pakati, yokhala na njovu zibili, na hafu peni ya nyamalikiti. Izo ni za Federation ya Rhodesia and Nyasaland, zinayamba kutuluka mu 1955. Mwina muli tiki, susu ya mkango, na mashilingi yabili ya nkhwazi yogwila nsomba. Muli ma ngwee ya mutu wa ba Kaunda yamene yanabwela mu January 1968 pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Ni vabwino kuyangana, ndipo ambuya banga bakali kukumbukila vamene tiki inali kugula. Koma ndalama izi zinapangiwa zambili-mbili kuti zisebenze mu msika, ndipo zambili zamene tili nazo zinasila nkhope na kuyenda m'manja. Bosonkhanisa bamazigula, inde, koma pa mtengo wa talk time. Yamene ingakweleko pang'ono ni ya chaka chosowa, kapena yamene ikali monga yachoka ku fakitale lelo.

Nanga nkhani zamene timamvela mu minibasi, zakuti kuli mzungu ku hotela afuna peni ya chiboo pa mamiliyoni? Mukamvela izo gwilani thumba. Maseŵela yake niyakudala. Wina amakuuzani kuti buyer alipo, koma koini ifunika kupimiwa, ndipo kupima ni ndalama. Mukatuma pa foni, kwabwela ya setifiketi. Pambuyo ya transport. Kumapeto namba siipita. Njila ina ni yakuti wina amakuuzani za buyer, mailo lake mnzake amaonekela na koini yamene ija "buyer" afuna, imwe mwagula modula kuti mukagulise modulilapo, bonse babili basowa. M'bale wanga wina anataya ndalama ya lendi mwa njila iyi, ndipo mpaka lelo peni ali nayo. Kampani ya zoona ya okshoni imayamba yaona vithunzi nakukuuzani mtengo woyelekeza, kambili mahala, ndipo yake imatenga chintu chikagulisiwa.

Ngati muli na makoini yakale, osayasuka. Ichi bantu bambili bamalakwisa. Muntu atenga Brasso olo sitiliwulu kuti koini ing'anime, kansi wachosa chikumba cha pamwamba chamene bosonkhanisa bamalipilila. Koini yokwechewa imagwa mtengo pamene apo. Igwileni m'mbali, isungeni pouma, iliyonse mu kapepa kake, ndipo lembani kuti inali ya ndani, anaipeza kuti, chaka chiti. Funsani ambuya bakali moyo. Chaka na chithunzi vili pa koini mungaviyanganile mu makatalogu ya pa intaneti monga Numista, ndipo muziyangana mitengo yamene vintu vinagulisiwa, osati yamene muntu apempha. Aliyense angalembe miliyoni pa peni yake.

Ndalama zathu zakale zeni-zeni sizinali na mutu wa mfumu ya Britain. Mu 1960, bantu bokumba poika matanki ya manzi pa Ingombe Ilede, kufupi na pamene Lusitu ithila mu Zambezi, banapeza manda ya bantu bolemela bakudala, muli mikanda ya golide na mitanda ya kopa yamene inali kusebenza monga chuma pa malonda. Vambili mwa ivo vinapelekedwa ku Livingstone Museum. Mukakumba chintu chamene icho mu munda, lamulo ikamba kuti muziwise National Heritage Conservation Commission, ndipo kuchichosa mu ziko kopanda chilolezo chao ni mulandu, wamene uja unabwezesa koini ya Brutus ku Greece.