MUSANALIPIRE LENDI MU LUSAKA, YAMBANI MWAYENDA NJIRA YA KU NCHITO

Basi yocokera ku Chipata ikaoloka mlatho wa Luangwa ndi kuyamba kukwera zitunda za ku Rufunsa, ambiri a m'katimo amakhala ali kuganiza za kumene akagone. Ena ali ndi mbale wokawacingamira pa Intercity. Ena ali ndi kalata ya nchito m'thumba, koma nyumba alibe. Ulendo umenewu, wa makilomita pafupi-fupi 570, umatha tsiku limodzi. Koma ulipo ulendo wina umene munthu adzauyenda m'mawa ndi madzulo kwa zaka zambiri, ndiwo wocoka pakhomo kunka ku nchito. Anthu athu posankha nyumba amafunsa mtengo wa lendi ndi kukula kwa cipinda, ulendo uwu osauwerengera, cikhalireco ndiwo umene umatsiriza malipiro.

Mwana wa mlongo wanga wa ku Katete anapeza nchito pa fakitale ina ya ku Mungwi Road, kumadzulo kwa mzinda. Anzace a kwao anamupezera cipinda ku Kaunda Square, kum'mawa kweni-kweni, cifukwa kumeneko ndiko kunali iwo. Cipinda cinali cabwino, ca simenti pansi, ndipo mtengo wace unali wotsika. Patapita miyezi iwiri anadza kwa ine ataonda nati, "Amalume, ndalama ndilandira, koma sindiziona kumene zipita." Tinakhala pansi ndi pensulo. M'mawa anali kukwera basi imodzi kufika m'tauni, ndi ina yocoka m'tauni kunka ku nchito, madzulonso cimodzi-modzi. Mabasi anai pa tsiku, masiku 26 pa mwezi, ndiye kuti anali kulipira kondakitala nthawi 104. Titaonkhetsa, ndalama za basi zinaposa za lendi. Anali kudzuka 4.30 koloko mbanda kuca, ndipo kawiri anali atalembedwa kale m'buku la ocedwa.

Mnyamatayu sanali wopusa, anangosowa womuuza mmene Lusaka anamangidwira. Miseu yace ikulu-ikulu, Great East Road, Great North Road, Kafue Road ndi Mumbwa Road, imakomana pakati monga masipoko a njinga. Maminibasi naonso atsata miseu yomweyo ndi kukathera m'tauni, pa Kulima Tower, City Market, Lumumba kapena Millennium. Kotero munthu wofuna kucoka komboni ina kunka ku inzace kawiri-kawiri ayenera kuyamba walowa m'tauni ndi kulipiranso kaciwiri. Kampani ya Boma ya mabasi, UBZ, imene akulu-akulu aikumbukira, inatsekedwa mu 1995, ndipo kuyambira pamenepo onyamula anthu ndi eni mabasi wamba, amene amakweza mtengo mafuta akakwera. Milatho ya pamwamba imene inamangidwa pakati pa 2018 ndi 2021 pa Makeni, Arcades, Longacres ndi Munali inathandiza ndithu, koma mzere wa magalimoto m'mawa sunathe. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, ndipo khamu lalikulu la iwo limalunjika kumodzi nthawi imodzi.

Makolo amene anayamba kudza kuno anaidziwa bwino nkhani ya mtunda. Pamene atsamunda anasamutsa likulu kucoka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935, anaika maofesi a Boma ndi mayadi ao pa citunda ca kum'mawa kwa njanji, masitolo ndi mafakitale kumadzulo. Anchito aciAfirika anawamangira tinyumba ku Kabwata ndi Kamwala, pambuyo pace ku Chilenje ndi Matero, ndipo nyumba inali kupatsidwa pamodzi ndi nchito: ikatha nchito, nyumbanso yatha. Amene analibe mwai umenewu anadzimangira okha pa mafamu ndi m'mbali mwa migodi ya miyala, pafupi ndi kumene anali kugwira nchito, kuti azipita pansi. Ndico cifukwa cace makomboni ena, monga George, John Laing ndi John Howard, ali ndi maina a Azungu amene anali eni malo kapena eni makampani. Boma la Pulezidenti Kaunda linaika lamulo mu 1974 lovomereza ambiri a makomboni awa, ndipo mothandizidwa ndi World Bank linalowetsa miseu ndi madzi ku George, Chawama, Chaisa ndi kwina. Mu 1996 Pulezidenti Chiluba analamula kuti nyumba za Khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Tsono wobwera lero asataye nthawi kufuna-funa mndandanda wa nyumba za Khonsolo monga anacitira atate ace. Nyumba ya lendi aipeza kwa munthu mnzace, amene a m'tauni amamucha landilodi.

Cotsala ca mbiri imeneyi ndi cothandiza: pafupi ndi malo ali onse a nchito pali komboni yace. Wa nchito pa cipatala cacikulu ca UTH ayambe wafunsa ku Kabwata, Libala ndi Chilenje. Wa pa Yunivesite ya Zambia ali ndi Kalingalinga kuseri kwa mpanda, ndi Ng'ombe kutsidya kwa Great East Road. Wa pa cipatala ca Levy Mwanawasa ku Chainama ayang'ane ku Mtendere ndi Kaunda Square. Olonda, olima maluwa ndi amai ogwira nchito m'nyumba za ku Kabulonga ambiri acokera ku Kalikiliki, Mtendere ndi Bauleni. A ku mafakitale ali ndi Matero, George ndi Kanyama, ndipo ogulitsa pa msika wa Soweto ali ndi Kanyama yemweyo, Chibolya ndi John Laing. Apa ndicenjeze a kwathu kuti komboni yochedwa Chipata ili kumpoto kwa mzinda, cifupi ndi Great North Road. Dzina lokha lisakukokeni, pakuti silifupikitsa njira ya ku nchito, ngakhale ya kumudzi.

Mau akuti "pafupi" m'kamwa mwa mwini nyumba alibe muyeso. Kwathu tidziwa kuti munthu akati "ndi apa pomwe" ungayende mpaka dzuwa kupendeka, ndipo khalidwe limeneli linakwera basi kudza nalo ku Lusaka. Muyeso woona ndi miyendo yanu. Munthu wamkulu woyenda bwino atha kilomita imodzi pa mphindi 12 kufikira 15. Makilomita atatu ndi mphindi ngati 40, ndipo umenewu ndi mtunda umene ambiri a ife tinali kuyenda popita kusukulu kapena kudimba osadandaula. Kupitirira ola limodzi, mudzapirira sabata loyamba, koma mvula ikayamba mudzapezeka muli pa sitesheni. Tsono musanapereke ngwee iri yonse, imani pakhomo pa nyumbayo m'mawa pa nthawi imene muzidzanyamuka, yang'anani koloko, yendani kufikira pa geti la ku nchito. Madzulo mubwerere njira yomweyo kutada.

Ulendo wa usikuwo ndiwo udzakuuzani zimene mwini nyumba sananene. Njira yacidule imene masana ipita pakati pa nyumba, usiku ingakhale yopanda nyali, yodutsa pa mabala kapena pa thengo la m'mbali mwa njanji, kumene anyamata ochedwa majanki amalanda mafoni. Onaninso miseu yoti muoloke. Great East Road ndi Kafue Road si mseu wa ku Chadiza ai: magalimoto athamanga mizere iwiri uku ndi uku, ndipo oyenda pansi ambiri aphedwa pooloka. Pa Yunivesite pali mlatho wa anthu oyenda pansi, koma malo ambiri alibe. Ngati muli ndi ana, yendaninso njira yao ya kusukulu, ndi ya amai ao yonka ku msika, ku cigayo ndi ku kiliniki. Nyumba imene ifupikitsa ulendo wa bambo yekha, ana ndi kumaoloka mseu waukulu kawiri pa tsiku, sinathandize banja.

Ena adzati, nanga njinga? Zoona, ife a Kum'mawa njinga ndi yathu, ndipo njinga za Eagle zinali kupangidwa ku Chipata komweko. Mu Lusaka njinga ithandiza pa tinjira ta m'kati, koma pa miseu ikulu malo ace ndi ocepa, ndipo pafunika pobisa pabwino usiku.

Tsopano nkhani ya madzi, imene ndifuna kukhalapo pang'ono cifukwa ndi pamene pagona moyo. Mwana wa mlongo wanga uja atamva uphungu anathamangira ku Kanyama, napeza cipinda cochipa, ca mphindi 35 kufika ku nchito. Unali mwezi wa Ogasiti, pansi pali gwa. Tinapita pamodzi kukaciona. Pa khoma la panja panali mzere wakuda wofika m'maondo, kuzungulira nyumba yonse, ndipo pakhomo anali atamangapo kakhoma ka njerwa ziwiri. Mwini nyumba anati ndi utoto wakale. Koma mai wina wogulitsa tomato pafupi, titamupatsa moni ndi kugula, anatiuza kuti mu Febuluwale anthu a pamenepo amalowa m'nyumba atavala majombo. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cifukwa cace ndi ici. Mbali yaikulu ya kumadzulo ndi kumwera kwa Lusaka ndi yathyathyathya, yokhala pa thanthwe la mwala wa laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikacuruka madzi asowa kopita, zimbudzi zokumba zisefukira, ndipo zonyansa zilowa m'zitsime zosazama. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2017 inakantha kwambiri ku Chipata komboni ndi ku Kanyama. Ina inayamba mu Okutobala 2023, ndipo pofika Januwale 2024 Boma linasandutsa bwalo la National Heroes kukhala cipatala, masukulu osatsegulidwa kufikira mu Febuluwale. Sindinena kuti Kanyama yense, kapena Misisi ndi Chawama yense, ndi wosayenera kukhalamo. Mumakhala anthu aulemu zikwi-zikwi, ndipo muli malo okwera amene madzi safikako. Koma kusiyana kwa nyumba youma ndi yomira kungakhale mayadi makumi asanu okha, ndipo m'cilimwe diso la mlendo silingakuone. Yang'anani khoma, yang'anani ngalande ngati iripo ndi kumene ithera, ndipo funsani anansi, makamaka amai, osati mwini nyumba yekha.

Funsaninso kumene mudzatunga madzi akumwa. Kwina pompi iri pabwalo, kwina madzi agulidwa pa cigubu pa cigubu kumalo ogulitsira, ndipo ndalama imeneyo iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi lendi. Werengani mabanja olowa cimbudzi cimodzi. Magetsi masiku ano ndi ogula mayuniti, ndipo pamene mabanja asanu adya pa mita imodzi, mikangano siicedwa: wina ali ndi sitovu ndi ayironi, wina babu limodzi, koma asonkha mofanana. Mumvane za ici musanalowe. Caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mbaula inabwerera m'nyumba zonse, kotero malo ophikirapo panja ndi ofunika kuwaona.

Za ndalama ndinene mwacidule. Eni nyumba ambiri afuna lendi ya miyezi iwiri kapena itatu pakulowa. Alipo anyamata odzicha maajenti amene alipiritsa munthu asanamuonetse nyumba, ndipo ena aonetsa nyumba imene si yao, nalandira ndalama, nazimirira. Musatumize ndalama pa foni muli kumudzi cifukwa ca cithunzi cimene mwatumiziridwa. Perekani m'manja mwa mwini nyumba weni-weni, pamaso pa mboni, ndipo alembe risiti ndi pangano lonena mtengo, tsiku lolipira, ndi masiku a cidziwitso ngati wina afuna kuleka. Ndi bwino kupanikizana kwa mbale masabata awiri muli kufuna-funa, kusiyana ndi kumangidwa miyezi itatu m'nyumba yolakwika.

Pali ciyeso cina cimene cigwira makamaka ife ocokera kumudzi. Ku Chongwe, ku Kafue ndi ku Chilanga nyumba ndi zazikulu, mphepo ndi yabwino, pali pobzala ndiwo ndi poweta nkhuku, ndipo mtima umati kuno ndiye kwathu. Koma Chongwe ndi Kafue ali pa makilomita oposa 40 kucoka pakati pa mzinda. Kwa wogwira nchito komweko ndi malo abwino zedi. Kwa wa nchito m'tauni, nkhukuzo azidzaziona Lamulungu pokha. Nakonso kufuna kukhala pafupi ndi abale sindikupeputsa, pakuti pa matenda ndi pa maliro ndiwo athamanga. Koma kwa abale mungapite kamodzi pa sabata ndi basi, pamene ku nchito mupita masiku asanu ndi limodzi.

Mnyamata uja cipinda ca ku Kanyama anacisiya. Anayenda madzulo atatu ataweruka, kufunsa m'tumasitolo ndi kwa anzace a ku chalichi, mpaka anapeza cina ku George, pamalo okwera, ca mtengo woposa ca ku Kaunda Square pang'ono. Cimbudzi agawana mabanja atatu, pompi iri pabwalo, ndipo za mita anamvana kuti wa sitovu azisonkha kawiri. Anyamuka 6.15 koloko ndi anzace awiri a pa fakitale yomweyo, nafika nthawi isanakwane. Nsapato zatha peyala imodzi. Mwezi wa Novembala anatumiza kwa amai ace ku Katete ndalama za matumba awiri a feteleza.