Adafika kuchipatala nthawi ilipo, koma matenda sadadziwike

Madzulo a pa 11 September 2003, katswiri wa zisudzo John Ritter adali pantchito mumzinda wa Burbank ku California, kukonzekera kujambula sewero la pa kanema la 8 Simple Rules. Mwadzidzidzi adayamba kutuluka thukuta, kusanza ndi kumva ululu pachifuwa. Chipatala cha Providence Saint Joseph chili tsidya lina la msewu, kotero sadachedwe kufika. Usiku womwewo adamwalira ali ndi zaka 54.

Madokotala adaganiza za mtima, ndipo zizindikiro zinkalozadi kumeneko. Adamuthandiza ngati munthu amene mtsempha wodyetsa mtima watsekeka, n'kumupatsa mankhwala oletsa magazi kuundana. Koma vuto lidali lina. Mtsempha waukulu kuposa yonse, wotchedwa aorta, umene umatulutsa magazi mumtima kupita m'thupi lonse, udali utang'ambika mkati. Khoma lake lili ndi zigawo zitatu. Chamkati chikang'ambika, magazi amalowa pakati n'kumasenda khomalo monga luzi limasendekera kumtengo. Wodwala wotere amafunika opaleshoni msangamsanga, ndipo mankhwala aja amangowonjezera ngozi. Ngati ming'alu ili kufupi ndi mtima, pa odwala 100 osathandizidwa, mmodzi kapena awiri amafa ola lililonse m'masiku awiri oyamba.

Mkazi wa Ritter, Amy Yasbeck, ndi ana adakasuma. Chipatalacho chidavomera kupereka chipukutamisozi cha madola 9.4 miliyoni mlandu usadalowe m'khoti, ndipo kuphatikiza ndi ena amene adasumiridwa, ndalama zidapitirira madola 14 miliyoni. Madokotala awiri adakana kulipira. Woyamba adali wa mtima amene adamuthandiza usiku uja. Winayo adali wowerenga zithunzi za m'thupi, yemwe adamujambula mu 2001, ndipo banja linkati adayenera kuona kuti mtsemphawo watupa. Banjalo linkafuna madola 67 miliyoni.

Mu March 2008, gulu la anthu wamba 12 ogamula mlanduwo ku Glendale lidati madokotalawo alibe mlandu wolipira. Anthu 9 adagwirizana nazo, atatu adakana.

Ambiri amadabwa apa: munthu wafa atalandira chithandizo cha matenda ena, bwanji wina asalakwe? Khoti silifunsa ngati dokotala adaphonya matenda. Limafunsa ngati dokotala wina wosamala, ataona zizindikiro zomwezo pa nthawi yomweyo, akadachita chimodzimodzi. Ku Britain mfundo imeneyi idakhazikika pa mlandu wa Bolam mu 1957. Kenaka wodandaula ayenera kutsimikiza kuti chikhala matenda adadziwika msanga, wodwalayo bwenzi ali moyo. Phiri lachiwirili ndi limene limagwetsa mabanja ambiri, chifukwa maloya a dokotala amabweretsa akatswiri onena kuti munthuyo akadafabe.

Nkhani ya Jonathan Larson ndi yowawa kwambiri, chifukwa iye adagogoda kawiri. Mu January 1996, mlembi wa sewero la nyimbo la Rent ameneyu adamva ululu woopsa pachifuwa ndipo adapita ku chipatala cha Cabrini ku New York. Adamuuza kuti wadya chakudya choonongeka, n'kumubweza. Patapita masiku awiri adapita ku St. Vincent's, kumene adati ndi chimfine chabe. Adamwalira kunyumba kwake m'bandakucha wa pa 25 January, tsiku limene sewero lake linkayamba kuonetsedwa kwa anthu. Adali ndi zaka 35, ndipo chidamupha ndi kung'ambika kwa mtsempha womwe uja. Nthambi ya zaumoyo ya boma la New York itafufuza, idalipiritsa Cabrini chindapusa cha madola 10,000 ndipo St. Vincent's madola 6,000. Chindapusa chotere sichingasinthe khalidwe la chipatala chachikulu.

Larson adali wachinyamata wooneka wathanzi, ndipo apa ndi pamene maso a dokotala amanyengeka. Amayi amagwa m'mbuna yomweyi. Kafukufuku wa pa University of Leeds amene adatuluka mu 2016 adaunika odwala pafupifupi 600,000 a ku England ndi Wales amene mitsempha yodyetsa mtima idatsekeka. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adauzidwa poyamba matenda olakwika, ndipo amayi ndi amene ankaphonyedwa kwambiri kuposa abambo. Mayi akanena za befu, mseru, kufooka kapena kuwawa kwa msana ndi nsagwada, n'chapafupi kumuuza kuti ndi chilungulira, zilonda za m'mimba kapena maganizo.

Kusuma n'koyenera, ndipo banja loferedwa lili ndi ufulu wofunsa mafunso ngakhale dokotala akhale wotchuka chotani. Kuno kwathu dandaulo lotere limapita ku Medical Council of Malawi kapena kukhoti. Komabe chimene chidapulumutsa munthu m'banja la Ritter sichidachokere m'khoti. Matenda a kung'ambika kwa aorta nthawi zina amayenda m'magazi a pamtundu, choncho mkulu wake wa John, Tom Ritter, adapita kukapimitsa. Adamupeza ndi mtsempha wotupa, adamuchita opaleshoni usadang'ambike, ndipo adachira. Yasbeck adakhazikitsa bungwe la John Ritter Foundation lophunzitsa madokotala ndi mabanja za matendawa.

Tsono inu owerenga, mukamva ululu wadzidzidzi pachifuwa, makamaka wong'amba umene ukulowera kumsana, musadikire kuti kuche. Mukafika kuchipatala nenani zonse: kuti muli ndi BP kapena shuga, ndiponso ngati kwanu wina adagwa n'kufa mwadzidzidzi akadali ndi mphamvu. Akakubwezani ululu usadathe, bwereraninso, ndipo funsani mwaulemu koma mosaopa kuti, “Adokotala, mtima mwaupima?”