NDIWO ZA MASAMBA ZITHANDIZA KUTETEZA CIWINDI

Ciwindi ndi ciwalo cacikulu cimene cili kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Ca munthu wamkulu cimalemera pafupifupi kilo imodzi ndi theka. Zimene munthu wadya kapena kumwa zikacoka m'matumbo, magazi amazitengera ku ciwindi, ndipo ndico cimasefa poizoni wa mumowa, m'mankhwala ndi m'zakudya zoonongeka. Vuto ndi lakuti ciwindi cimadwala mwakacetecete. Pamene maso ayamba cikasu ndipo mimba yatupa ndi madzi, kawirikawiri matenda amakhala atafika kale patali.

Dzimbiri la m'thupi

Posefa poizoni, ciwindi cimatulutsa tinthu tina toononga tochedwa ma free radical. Timeneti timadya ciwindi pang'onopang'ono monga m'mene dzimbiri limadyera malata. Cikavulala kwa zaka zambiri cimacita zipsera ndi kuuma, ndipo ciwindi couma sicibwereranso mwakale.

Zimene zimaletsa dzimbiri limeneli zichedwa ma antioxidant. Citsanzo cake cili m'khichini: kotapela wodula amada msanga, koma akamufinyira ndimu amacedwa kuda cifukwa ca vitamini C wa mundimu. Ciwindi cimapanga antioxidant yakeyake yochedwa glutathione, koma mowa wambiri ndi Panadol wopyola muyezo zimaitha. Zomera zimapereka ma antioxidant ena amene amathandizana nayo.

Zipezeka kuti?

Sizifuna ndalama zambiri. Zili pa Soweto Market ndi pa tumisika twa ku Kanyama, Cawama, Mtendere ndi Kalingalinga. Bondwe, cibwabwa, kalembula ndi katapa zili ndi carotene ndi vitamini C. Repu ndi kabichi zili ndi zinthu zimene zimalimbikitsa ciwindi kucotsa poizoni. Magwafa, malalanje ndi malambe ali ndi vitamini C wambiri, mango ndi mapapaya akupsa ali ndi carotene, pamene nshawa ndi mafuta a mpendadzuwa zili ndi vitamini E.

Kaphikidwe nako n'kofunika. Soda wothira mu delele kapena m'masamba amaononga vitamini C, cimodzimodzi kuwiritsa ndiwo nthawi yaitali ndi kutaya madzi ake. Masamba atsukidwe asanadulidwe, aphikidwe ndi madzi ocepa kwa kanthawi kocepa. Nsinjiro kapena mafuta pang'ono zimathandiza thupi kutenga carotene, motero ndiwo zotendera ndi zabwino koposa zowiritsa cabe.

Zimene masamba sangathe

Ndiwo zimathandiza, koma si mankhwala. Pali adani atatu a ciwindi amene mbale ya bondwe singawagonjetse.

Woyamba ndi mowa. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu ndi mowa wina waukali zikali kumwedwa m'makomboni. Bambo amene amamwa tsiku ndi tsiku sangapulumutse ciwindi cake ndi zipatso. Ayenera kuleka mowa.

Waciwiri ndi cuku. Cimanga ndi nshawa zosungidwa pa cinyontho zimamera cuku cimene cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya ciwindi. Kuphika sikumupha. Mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti poizoni ameneyu anapezeka mu ufa wa zigayo zina, pambuyo pa imfa ya agalu pafupifupi 400. Nshawa zofota, zakuda kapena zowawa ziyenera kutayidwa zisanasinjidwe, ndipo thumba la ufa likhale pa thabwa pamalo ouma, osati pa simenti, makamaka m'nyengo ya mvula pamene madzi amalowa m'nyumba ku Kanyama.

Wacitatu ndi kacirombo ka hepatitis B, kamene kamafala kudzera m'magazi, m'kugonana, ndi kucoka kwa mai kupita kwa mwana pobereka. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2016 anapeza kuti pafupifupi akulu 6 mwa 100 alionse m'Zambia ali nako, ndipo ambiri sadziwa. Citetezo cake ndi katemera, amene ana amalandira ku sikelo pa milungu 6, 10 ndi 14.

Za m'mabotolo

Pali anthu amene amayenda m'misika ndi mabotolo amene amati ndi "otsuka ciwindi". Ciwindi sicifuna kutsukidwa. Akatswiri amene anayesa mapilisi a ma antioxidant pa odwala ciwindi sanapeze umboni wakuti amatalikitsa moyo, ndipo zitsamba zina zosadziwika muyezo wake zimavulaza ciwindi comweco. Ngozi imakula kwa amene akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV, pakuti ciwindi cao cili kale pa nchito yaikulu. Oterewa asamwe citsamba ciliconse asanafunse ku cipatala. Ndalama ya botolo limodzi ingagule masamba a banja lonse kwa masiku angapo.

Munthu amene maso ake acita cikasu, mkodzo wada ngati tiyi, mimba kapena miyendo yatupa, kapena wasanza magazi, apite msanga ku kiliniki kapena ku cipatala ca Matero, Kanyama kapena Cawama, kumene angatumizidwe ku UTH ngati pafunika kutero. Amene ali bwino asayembekeze zizindikiro zimenezi: masamba asasowe pambali pa nsima, ndipo ana alandire cipatso ca nyengo yake tsiku lililonse.